MUNTHU SI THUMBA LA CIMANGA

(Mau amene mkulu wofalitsa nkhani za Boma analankhula kwa anthu a ku Nkwali, m'dziko la Mfumu Kakumbi, m'boma la Mambwe.)

Ndapemphedwa kulankhula za mabasi a m'tauni. Kapena wina afunsa mumtima kuti, kodi ife a m'cigwa ca Luangwa, mabasi a ku Lusaka atikhudza bwanji? Atikhudza ndithu. Matenda akakanika ku cipatala ca Kamoto, wodwala atumizidwa ku Chipata, ndipo akakanika ku Chipata atumizidwa ku UTH ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 700 kucokera kuno. Womdwazika, amene agona kwa wacibale ku Matero kapena ku Chawama, ndiye akwera mabasi aja m'mawa ndi madzulo atanyamula phala m'kambale. Munthu ameneyo ndinu amai, ndinu atate.

Akulu-akulu pano akumbukira kumene tacokera. Mu Epulo 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Dr Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 m'makampani ena akulu. Imodzi mwa iwo inali Central African Road Services, imene pambuyo pace inachedwa United Bus Company of Zambia, UBZ. Basi ya UBZ inali ndi nthawi yace yonyamukira, mtengo unali wodziwika, ndipo kondakitala anali kupereka tikiti. Koma tisanamizane. M'zaka za m'ma 1980 ndalama zakunja zogulira zitsulo ndi matayala zinasowa, mabasi ambiri anagona m'magalaji, ndipo anthu anali kugona pa siteshoni masiku awiri kapena atatu. Ine ndinali mwana wa sukulu, koma mphasa zija zoyalidwa pa siteshoni sindinaziiwale. Kampaniyo inatsekedwa mu 1995.

Boma limene linalowa mu 1991 linatsegula nchitoyi kwa ali yense, nilicotsako msonkho kwa kanthawi pa mabasi olowa m'dziko. Timabasi ta Hiace ndi Rosa tinasefukira m'miseu. Lero munthu wa ku Lusaka saima nthawi yaitali osaona basi, ndipo ici ndi cabwino cimene sitiyenera kucikana. Koma akale anati walira mvula walira matope. Matope ace ndiwo ndifuna tiaone bwino.

Mwini basi auza dalaivala kuti madzulo ali onse abweretse ndalama yakuti-yakuti. Ndalama imeneyi iwo aicha kashing'i. Mafuta agula dalaivala, wa pa siteshoni afuna yace, ang'wang'wazi oitana anthu afuna yao, ndipo cimene catsala ndico dalaivala ndi kondakitala agawana. Mukamvetsa ici, mwamvetsa zonse zimene zimatibvuta m'basi. Basi sinyamuka pa Kulima Tower kapena pa City Market kufikira itadzaza, ngakhale mukhale ola lathunthu mukutuluka thukuta. Pa mpando wa anthu atatu akhazikapo anai. Dalaivala athamanga kuti apitirire mnzace akayambe ndiye kutola anthu patsogolo. Tayala lotha silisinthidwa, pakuti tsiku limene basi iri ku galaji kashing'i palibe. Anyamata amenewa si oipa mtima onse ai. Ambiri ali ndi ana ofuna nsima monga ife. Koma kacitidwe kameneka kasandutsa munthu kukhala thumba la cimanga, lowerengedwa polowa ndi kuiwalika likalowa.

Ndinaona ndi maso anga caka catha. Ndinakwera kabasi kena ku Lusaka pamodzi ndi amai acikulire a kuno kwathu, amene ndinawazindikira ndi Cikunda cao. Anali kupita kukaona mwana wao ku cipatala. Tisanafike n'komwe, kondakitala anaona anthu ambiri tsidya lina la mseu, natiuza tonse kuti titsike pakuti basi ibwerera ku tauni. Cenji ca amai aja anacipereka kwa mnyamata wina wacilendo, nati mukagawane. Iwo anangoti "zikomo," nayamba kuyenda pansi padzuwa. Ine amene ndiri wa Boma ndinakhala cete, ndipo ndicita nazo manyazi kufikira lero.

Ulemu wathu wa kumudzi ndi cuma, koma usatitseke pakamwa pamene tilakwiridwa. Mukalipira, mwagula zinthu zitatu: mpando wanu, ulendo wofika kumene munapangana, ndi kuyendetsedwa mosamala. Lamulo la pamseu la 2002 linakhazikitsa bungwe la RTSA, limene liyesa magalimoto ndi kupereka ziphaso. Basi iri yonse iri ndi ciwerengero ca anthu cimene iloledwa kunyamula, ndipo woyendetsa ayenera kukhala ndi laisensi ya PSV. Lamulo la misika ndi masiteshoni la 2007 linaika masiteshoni m'manja mwa makhonsolo. Inu a Cipani mudziwa kuti kwa zaka zambiri anyamata obvala zizindikiro za zipani anali kutolera ndalama m'masiteshoni, ndipo mu 2021 Boma linalamula kuti acokemo. Ndalama imene dalaivala alipira munthu wosayenera icokera m'thumba lanu, kaya munthuyo abvala mtundu wanji.

Ena ati kukhala bwino m'basi ndi nkhani ya anthu a matama. Iai. Kudzaza anthu mopitirira, liwiro, ndi kutopa kwa dalaivala ndizo zimapha. Pa 7 Febuluwale 2013, ku Chibombo, basi yocokera ku Ndola inaombana ndi lole ndipo anthu oposa 50 anafa m'mawa umodzi. Mu 2016, ngozi zitaculuka, Boma linaletsa mabasi kuyenda kucokera 21:00 kufikira 05:00. Inu amene mwadutsa pa mapiri a Manenekela, kupitirira Nyimba, mudziwa zimene zikhoza kucitika basi yolemedwa ikaduka mabuleki pa makhona aja.

Cotero ndipempha nthambi zathu kuti ziphunzitse anthu asanapite ku tauni. Funsani mtengo musanakwere, ndipo sungani ndalama zing'ono-zing'ono pafupi. Katundu wanu musaupereke kwa munthu wokuthamangirani pa Intercity kufikira mutaona basi ndi maso anu. Pa basi yaikulu tengani tikiti. Dalaivala akanunkha mowa kapena akathamanga kopitirira, lankhulani. Mukalankhula awiri, wacitatu adzalimba mtima. Lembani nambala ya galimoto, muimbe lamya ku RTSA pa 983, kapena muuze apolisi a pamseu.

Ndisanakhale pansi, mau amodzi a kuno kwathu. Mseu wa Chipata ndi Mfuwe unathiridwa phula m'zaka za pambuyo pa 2010, ndipo ulendo umene unali kudya tsiku lonse m'fumbi, kapena kukanika konse m'dzinja, tsopano ndi wa maola ocepa. Koma basi ya ku Lusaka inyamuka kusanace. Munthu wa ku Nkwali ayenera kudzuka tambala asanalire ndi kuyenda mumdima kunka ku Cropping, m'njira imene njobvu ndi mvuu zidutsa pobwerera ku mtsinje. Amai ali ndi mwana kumbuyo ndi mtolo pamutu sangathawe njobvu. Tifunika malo oyembekezera basi okhala ndi denga, nyali ndi cimbudzi, pamene wocokera kutali angafike madzulo nagona. Nkhani imeneyi ndi ya Khonsolo ya Mambwe. Ndipempha a Wakumpando kuti ilembedwe lero, mafumu aikepo manja ao, ndipo a Khansala akaipereke pa msonkhano ulinkudza. Kalata yace ndidzathandiza kulemba tikangomwazikana.