Makina ndi Mtengo wa Banki

Banki iri ndi mtengo wace monga ng'ombe pa msika, pakuti magawo ace, ndiwo masheya, amagulitsidwa. Zanaco inayamba kutero ku Lusaka m'caka ca 2008. Makina abwino akweza mtengowo, cifukwa afulumiza nchito nakopa osunga ndarama. Koma m'caka ca 2018 banki ya TSB ku Britain inasamutsira mabuku ace m'makompyuta atsopano isanawayese mokwanira. Anthu ambirimbiri analephera kutapa ndarama zao, ndipo bankiyo inaonongerapo mapaundi 330 miliyoni. Cotero wogula masheya wanzeru sawerenga makina okha. Afunsa ngati malipiro anu atuluka pa tsiku lace.