Mendulo ya Mkuwa ndi Mabwalo a ku Migodi

Munthu wokonda masewera sakhutira ndi mpira wokha. Iye amachera khutu ku nkhonya ndi ku liwiro lomwe, ndipo zikatha amakhala pansi nalingalira. Caka ca 2024 cinampatsa zambiri zolingalira, ndipo inu a ku migodi ndi a m'matauni muyenera kumva maganizo ace.

Coyamba ndico liwiro. Pa masewera a Olympic ku Paris m'mwezi wa August 2024, mnyamata Muzala Samukonga anathamanga mamita 400 m'masekondi 43.74, nakhala wacitatu pambuyo pa Quincy Hall wa ku America ndi Matthew Hudson-Smith wa ku Britain. Analandira mendulo ya mkuwa, ndipo nkoyenera ndithu kuti dziko lokumba mkuwa likondwere nayo. Koma wokonda masewera amawerenganso pa zala. Zambia analandira mendulo yace yoyamba mu 1984, pamene Keith Mwila anamenya nkhonya ku Los Angeles. Yaciwiri inadza ndi Samuel Matete ku Atlanta mu 1996, ndipo inali ya siliva. Kucokera pamenepo panapita zaka 28 kufikira Samukonga. Mendulo zitatu m'zaka 40 nzocepa kwa mtundu wa anyamata amphamvu otere.

Caciwiri ndico mpira wa akazi. Pa masewera omwewo, mumzinda wa Nice, Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu polimbana ndi Australia, ndipo Racheal Kundananji anamwetsa ziwiri. Zambia anali patsogolo ndi 5 kwa 2, koma mpira unatha ndi 6 kwa 5 mokomera Australia. Apa pali phunziro kwa timu iri yonse ya m'komboni: akutsogolo angakhale akuthwa ngati lumo, khomo la kumbuyo likakhala losatseka, nchito yao yonse ipita pacabe. Komabe Banda sanafooke. Mu November 2024 cigoli cace cimodzi cinapatsa Orlando Pride cikho ca ku America, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala mkazi woposa onse pa mpira mu Africa. Makolo amene amaletsa ana ao akazi kukankha mpira alingalire bwino nkhani imeneyi.

Cacitatu ndico mpira wa amuna, ndipo apa mtima wa wokonda masewera umalemera. Iye amakumbukira caka ca 2012, pamene Chipolopolo anatenga cikho ca Africa ku Libreville, pafupi ndi nyanja imene inameza anzao pa ngozi ya ndege mu 1993. Koma timu yomweyo inalephera kulowa mumpikisanowo mu 2017, mu 2019 ndi mu 2021, ndipo itapita ku Ivory Coast mu January 2024 inabwerako msanga osapambana mpira ngakhale umodzi.

Nanga akatswiri akale anacokera kuti? Matete anabadwira ku Chingola. Kalusha Bwalya, amene anachuka mu Africa monse mu 1988, anakulira ku Mufulira nasewera m'timu ya Mufulira Wanderers. Nkana ku Kitwe, Nchanga Rangers ku Chingola ndi Roan United ku Luanshya anali matimu oleredwa ndi migodi. Masiku amenewo mgodi unali kusamala mabwalo, kugula mipira ndi zobvala, ndi kupatsa osewera nchito. Mwana wa wamgodi anali kupeza bwalo ndi mphunzitsi pafupi ndi khomo la kwao. Koma pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000, cithandizo cija cinacepa, ndipo mabwalo ena anamera udzu.

Cifukwa cace wokonda masewera sadabwa pakuona mendulo zirikudza patalipatali. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mnyamata wothamanga masekondi 43 sapangidwa m'mwezi umodzi. Amayamba ali wa zaka 10, pabwalo losalazidwa bwino, pamaso pa munthu wamkulu wogwira koloko ndi wodziwa kulangiza. Wankhonya naye afuna nyumba yophunziriramo ndi womuyang'anira kuti asapwetekedwe.

Tsono nchito iri m'manja mwanu. Funsani akulu a kampani ndi a khonsolo za bwalo la m'komboni mwanu, ndipo musaleke kufunsa kufikira atayankha. Inu amene munasewerapo kale, perekani madzulo amodzi pa sabata kuphunzitsa ana, anyamata ndi asungwana omwe. Masewera a Olympic a 2028 anaikidwa ku Los Angeles, kumene Mwila anatengako mendulo yoyamba ija. Amene adzapitako aoneka kale, koma a zaka zapatsogolo pace akali kukankha mpira wa nsanza kuseri kwa nyumba zanu lero lino.