Fani yopanda mapiko: tikugula mphepo kapena maonekedwe?

Ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndilankhule za chipangizo chimene ena mwachiona pa lamya zanu kapena m'mashopu a m'tauni: fani yopanda mapiko, ventoinha monga timanenera kuno. Imaoneka ngati mkombero woimikidwa pa kachitini. Pakati pali pululu, koma mphepo ikutuluka ndithu.

Fani imeneyi inatchuka mu Okutobala 2009, pamene kampani ya Dyson ya ku Britain, ya bambo James Dyson, inayamba kuigulitsa ndi dzina lakuti Air Multiplier. Mtengo wake unali pafupifupi mapaundi 200, ndipo ku America pafupifupi madola 300. Anthu kumeneko anailandira mosiyanasiyana.

Ena anagoma nayo. Amapisa mkono mu mkombero muja osavulala, ena n'kumajambula mabaluni akudutsa pakati n'kuika pa YouTube. Ena anadandaula mtengo, poti ndalama imeneyo ikanagula mafani wamba ambirimbiri. Enanso anati ukaitsegula mwamphamvu imasokosa, ndipo mu 2014 kampaniyo inatulutsa mitundu ina yochepa phokoso. Panalinso ofunsa kuti, kodi nzeruyi ndi yatsopanodi? Zinapezeka kuti kampani ya Toshiba ya ku Japan inali italembetsa kale nzeru yofanana nayo mu 1981, moti ofesi yolembetsa nzeru zatsopano ku Britain inayamba yakana pempho la Dyson mpaka atalikonzanso.

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi, anzanga: mapiko alimo. Angobisidwa. M'kachitini ka pansi kaja muli mota ndi timapiko tozungulira mothamanga. Timakoka mpweya kudzera m'timabowo ta m'mbali, n'kuukankhira m'mwamba, ndipo umatulukira pa kampata kopapatiza, kongopitirira pang'ono milimita imodzi, kozungulira mkombero wonse. Mpweya wothamangawo umakoka mpweya wina wa kumbuyo ndi wa m'mbali n'kupita nawo limodzi. A Dyson ankati mwanjira imeneyi mpweya umachuluka ka 15. Palibe matsenga apa, ndi luso chabe.

Ubwino wake ulipo, tisaukane. Mwana wokwawa sangadule chala, ndipo amayi mukudziwa mmene ana amakondera kupisa zala ndi timitengo pa waya wa fani. Kupukuta mkombero n'kosavuta kusiyana ndi kumasula waya kuti utsuke mapiko. Mphepo yake imabwera mosalala, osati modukizadukiza.

Koma pali zinthu zitatu zimene wogulitsa sangathamangire kukuuzani.

Choyamba, fani iliyonse, ya mapiko kapena yopanda, siziziritsa mpweya. Imangouyendetsa kuti thukuta liume msanga, thupi n'kumva kuzizira. Ku Tete, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kukapitirira madigiri 40, fani yodula ndi yotchipa zonse zimakuuzira mpweya wotentha womwewo. Nthawi ngati imeneyo chothandiza ndi kumwa madzi, kunyowetsa khungu ndi kukhala pamthunzi, makamaka kwa okalamba ndi makanda.

Chachiwiri, musayembekezere kuti Credelec ichedwa kutha. Fani yoyamba ija ya Dyson inkadya magetsi pafupifupi mawati 40, osasiyana kwenikweni ndi fani wamba ya patebulo.

Chachitatu ndi fumbi ndi kukonza. Timabowo tokokera mpweya tija ndi tating'ono, ndipo fumbi lathu la m'chilimwe mukulidziwa. Tikatsekeka, mphepo imachepa. Fani wamba ikafa, mmisiri wa pamsika amaitsegula, kusintha kachipangizo kamodzi, madzulo ikuzungulira. Nanga iyi zipangizo zake muzipeza kuti? Komanso masiku ano makampani ambiri akupanga zotengera, zotsika mtengo, zooneka chimodzimodzi kunja koma mphamvu zake n'zosiyana. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine maganizo anga ndi akuti wogula fani imeneyi akulipira chitetezo cha ana ndi kukongola kwa pabalaza. Ngati ndi zimene mukufuna ndipo thumba likulola, palibe cholakwa. Koma ngati mukufuna mphepo basi kuti mugone usiku, meticais anu agwira ntchito yaikulu pa fani wamba ya waya wothithikana, yoikidwa pamwamba pamene mwana sangafike. Yotsalayo mugulire magetsi, kapena makope a ana.

Mukapita kukagula, muuzeni wogulitsa aiyatse pomwepo. Imani patali masitepe atatu mumve ngati mphepo ikukufikani. Aitsegule mpaka pomaliza mumve phokoso lake, chifukwa mudzagona nayo chipinda chimodzi. Kenako mufunseni kuti ikawonongeka mupite nayo kwa ndani.

Amene muli nayo kale kunyumba, tikupempheni mubwere ku msonkhano wotsatira wa kalabu mudzatiuze mmene ikugwirira ntchito, kuti tidzaulutse pa wailesi anzathu a m'midzi ina amve kuchokera kwa eni ake.