Mzinda wa Livingstone Usabwererenso ku Cidikha



Ambiri a inu muli ndi ana amene anapita ku Livingstone kukafuna nchito, ndipo tsiku lina adzakulemberani kuti apeza puloti yomangapo nyumba. Nkhani yanga lero ndi ya puloti imeneyo.

Mzinda uwu sunayambire pamene ulipo tsopano. Azungu oyamba anamanga pa Old Drift, pa doko la mtsinje wa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, malo otsika, a cinyontho ndi udzudzu. Malungo anawapulula, ndipo manda ao alipo kufikira lero mkati mwa paki ya nyama. M'caka ca 1905, ulalo wa njanji utamalizidwa, mudzi wonse unasamutsidwira ku mtunda wa mcenga, ndipo mzinda watsopanowo unakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935. Sindikuyamikira atsamunda ai, pakuti misewu yabwino anadzisankhira okha, ife natikankhira ku makomboni. Koma pa mfundo imodzi sanalakwitse: anayamba aona kumene madzi amapita, kenaka ndi kumanga.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 170,000 m'boma la Livingstone. Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa adzaza, ndipo wobwera kumene amangofuna pali ponse pamene paoneka pouma m'mwezi wa Okutobala. Apa ndi pamene pagona ngozi. Mvula ya kumeneko si yambiri, koma imagwa yamkuntho pakati pa Novembala ndi Malici, ndipo madzi amatsika ndi liwiro kulinga ku mtsinje wa Maramba. Akapeza nyumba pa njira yao, kapena ngalande yotsekeka ndi mcenga ndi mapulasitiki, salambalala. Amalowa m'nyumba, amagwetsa cipupa, nasefukiritsa zimbudzi za maenje. Inu alimi mudziwa kuti munthu samanga nkhokwe m'dambo. Nanga mwana wanu amangirenji nyumba ya njerwa m'menemo? Kolera imene inapha anthu mazanamazana m'dziko muno mu 2023 ndi 2024 inakula kwambiri m'makomboni a Lusaka a madzi ondama otero.

Nyengo nayonso yasokonezeka. Mu 2023 zigumula zinamiza midzi ndi minda ku Namwala, Monze ndi Mazabuka. Mu 2024 kunali cilala. Amene anena kuti "kuno madzi sanafikepo" akudalira zaka zimene sizidzabweranso.

Boma liri ndi nthambi yoyang'anira ngozi zadzidzidzi, ya DMMU, pansi pa ofesi ya Waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, ndi lamulo lace la 2010. Iyo imabweretsa matenti ndi ufa nyumba itagwa kale. Lamulo la 2015 la mapulani a mizinda ndi zigawo ndilo limateteza nyumba isanamangidwe, pakuti lilamula Khansolo iri yonse kulemba pulani ya citukuko itamva maganizo a anthu. M'pulanimo muyenera kuoneka magombe a mitsinje osamangapo, njira za madzi, ndi malo okwera oikapo sukulu ndi zipatala. Ndalama za CDF zinakwezedwa mu 2022 kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu. Ngalande siikometsa cithunzi monga msika watsopano, cifukwa cace ikapanda woilankhulira m'komiti ya citukuko ya wadi, imaiwalika.

Tsopano mau owawa, ndipo ndiwanena pamaso panu. Palibe ceyamani wa nthambi, wa cipani ciri conse, amene ali ndi mphamvu yogawa mapuloti m'tauni. Nchito imeneyo ndi ya Khansolo pamodzi ndi Unduna wa za Malo. Mwana wanu akakupemphani kuti mugulitse ng'ombe, mufunseni amene wampatsa maloyo, apite ku ofesi ya mapulani ya Khansolo ya Livingstone akaone mapu, ndipo akaime pa pulotiyo m'mwezi wa Febuluwale mvula itangokata. Ng'ombe ziyambe zakhala m'khola kufikira atayankha.