Cithunzi ca New York ndi Mudzi wa Gander

Ndifuna kulankhula za cithunzi cimodzi coitanira anthu kuoloka nyanja ya Atlantic pa ndege, ndi za mudzi umene cithunzico sicinauchule.

M'caka ca 1956 mmisiri David Klein anajambulira kampani ya TWA mzinda wa New York. Anaonetsa bwalo la Times Square usiku, zikwangwani zowala za maonekedwe osiyanasiyana zitasanjikana monga nsalu za m'sitolo, koma ndege yeniyeniyo anaiika pamwamba, yaing'ono ngati kambalame. Caka cotsatira Museum of Modern Art inasunga cithunzico pakati pa zaluso zake. Mmisiriyo anadziwa kuti munthu salipirira phokoso la makina kapena mantha a pamwamba pa madzi. Alipirira kumene mtima wake ufuna kukafika.

Eni ndege analikulanda anthu kwa eni zombo, zimene zinali kutha masiku anai kapena asanu panyanja. Mu 1952 anatsegula mipando ya mtengo wotsikirapo, ndipo pofika 1958 ooloka pa ndege anaposa a m'zombo. Pa 4 October 1958 BOAC inayamba kuolotsa anthu pa Comet pakati pa London ndi New York. Pa 26 October Pan American inatsatira ndi Boeing 707, kupita ku Paris.

Koma Comet yopita kumadzulo ija, ndi Boeing yomwe, zinatera ku Gander, pa cisumbu ca Newfoundland, kukathira mafuta. Pa zithunzi zotere zimene ndinaonapo, Gander palibe. Ife malo otere tiwadziwa, pakuti mu 1952 Comet yoyamba inali kutera ku Livingstone popita ku Johannesburg.

Cifukwa cace ndikupemphani, mukapacika cithunzi cotere m'kalasi, musalekere ana pa kucisirira kokha. Afunseni: wacijambula ndani, afuna ticite ciani, wasiya ciani? Pamenepo tengani mpira wa dziko, ngakhale wa dongo woumba nokha, ndi kacingwe. Mwana mmodzi agwire pa London, wina pa New York, akoke zolimba. Pa mapu a pakhoma Gander aoneka ngati njira yokhota, koma kacingweko kadzadutsa pafupi ndi Newfoundland, ndipo anawo adzaona okha cifukwa cace ndege zinali kutera kumeneko.