KHOSI LA MPHUNZITSI: KUONGOLA MAFUPA KAPENA KULIYENDETSA?

Mphunzitsi amene aconga makope 50 usiku, atawerama pa thebulo lalifupi, amadzuka m'mawa khosi litauma. Tsiku lomwelo alephera kuceukira ana ake pamene alemba pa bolodi. Kodi munthu wotere acite ciani?

Coyamba adziwe mapangidwe a khosi. M'khosi muli timafupa 7 tosanjikizana, ndipo timeneti tisenza mutu wolemera ngati makilogalamu 5. Mutu ukakhala wowerama nthawi yaitali, minofu ya kumbuyo imatopa ndi kukungika. Kupweteka kwambiri kwa khosi kumacokera pamenepo.

M'maiko ena muli anthu ophunzira nchito ya kuongola msana ndi manja. Agwira khosi, nalikankha msanga pang'ono pokha, ndipo kawiri-kawiri pamveka kuthetheka. Ambiri ayesa kuti fupa labwerera m'malo mwace, koma phokosolo licokera ku mpweya wa m'madzi a m'mfundo.

Nchito imeneyi inayesedwa ku Minnesota, m'dziko la America, ndipo Gert Bronfort ndi anzace anafalitsa zimene anapeza m'caka ca 2012. Anatenga anthu 272 odwala khosi, nawagawa magulu atatu kwa masabata 12. Gulu loyamba linaongoledwa mafupa. Laciwiri linapatsidwa mankhwala. Lacitatu linangophunzitsidwa kawiri kayendetsedwe ka khosi, kuti lizicita lokha kunyumba. Potha masabatawo, amene ululu wao unacepa kwambiri anali 57 mwa 100 m'gulu loyamba, 48 mwa 100 m'gulu lacitatu, ndi 33 okha mwa 100 m'gulu la mankhwala.

Phunziro lace ndi ili: wodziyendetsa yekha khosi anapeza thandizo lofanako ndi la woongoledwa. Kwa mphunzitsi wa sukulu ya kutali ndi cipatala, umenewu ndi uthenga wokondweretsa, pakuti mankhwala ace ali nao m'thupi momwe, osalipira kanthu.

Macitidwe ace ngosavuta. Akhale cilili kapena pa mpando, msana uli woongoka. Akokere cibwano m'mbuyo, maso ali kutsogolo. Aceukire kumanja ndi kumanzere mofatsa. Apendeketse khutu ku phewa, mbali zonse ziwiri. Akokere mapewa m'mbuyo. Ciri conse acibwereze kasanu kufikira kakhumi, nacite comweco nthawi zingapo pa tsiku, osadzikakamiza pamene pawawa kwambiri. Pocongapo makope aziimirira kawiri-kawiri, ndipo asagonere mtsamiro wautali.

Koma pali cenjezo lalikuru. M'khosi mupita mitsempha yotengera mwazi ku ubongo. Nthawi zina, ngakhale kamodzi-kamodzi, kupotoza khosi mwamphamvu kwang'amba mtsempha wotere, munthu nafa ziwalo. Cifukwa cace mphunzitsi asapereke khosi lace kwa munthu wosaphunzira nchitoyi, ndipo asalole ana kuthyolana makosi posewera.

Ndiponso si khosi liri lonse licira ndi kuliyendetsa. Ngati lauma pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukuru, ingakhale nthenda youmitsa khosi, imene ipha msanga. Mwana wotere apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Comwenso amene wagwa pa njinga kapena mu mtengo, amene manja ace acita dzanzi ndi kufooka, ndi amene aonda ndi kutuluka thukuta usiku, pakuti cifuwa cacikuru cimalowanso m'mafupa a msana. Otere asakhudzidwe khosi kufikira dokotala atawaona.

Mphunzitsi wodziwa kusiyanitsa zimenezi adzasunga khosi lace, ndipo tsiku lina angapulumutse moyo wa mwana wa m'kalasi mwace.