MAWU KWA MAKOLO A KU CHELSTONE: TIYAMBE NDI NSOLO

Ena mwadabwa kuona nsolo ndi timiyala ta chiyato pamsonkhano wa akuluakulu. Ndiloleni ndifotokoze.

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda. Kuno m'tauni ufa unakwera mtengo, magetsi ankazima nthawi yaitali chifukwa madzi anachepa ku Kariba, ndipo abale akumudzi ankapempha thandizo ife tilibe kanthu. Mvula inabweranso, koma mitima ya ambiri sinakhazikike. Tulo sitibwera. Mwana akangogwetsa nsima, timamukalipira mopitirira muyezo.

Munthu wamkulu mukamufunsa kuti, "Chikukuvutani n'chiyani?" amangoti, "Palibe." Koma manja akatanganidwa ndi masewera, pakamwa pamamasuka. Choncho tikhala m'magulu a anthu 8. Tisewera kaye. Kenaka aliyense aika mwala umodzi pakati ndi kutchula chinthu chimodzi chimene chilala chinamulanda. Wosafuna kulankhula asakakamizidwe, ndipo zonenedwa pano zitsale pompano. Mukafika kunyumba, kasewereninso ndi ana anu. Mwana akaseka pamodzi ndi kholo lake, mantha amachepa.

Koma masewera sachiza zonse. Ngati mwatha masabata angapo osagona, kapena mukuganiza zodzipha, musadikire msonkhano wina. Pitani kukiliniki, kapena kuchipatala cha Chainama pamsewu wa Great East. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Tsopano sendezani mipando, tiyambe.